Muyeso Umodzi kwa Madokotala a Amayi

Sabata ino tiyeni tiyambe taika pansi zoluka zathu, pakuti nkhani imene ndabwera nayo imaoneka ngati ya anthu ophunzira okhaokha, chikhalirecho eni ake enieni ndinu ndi ine. Ndi nkhani ya maphunziro a madokotala amene amatisamala pa uchembere ndi pa matenda a ife akazi.

Chimene chandiyambitsa ndi ichi. Chaka chatha mwana wa mng'ono wanga, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire ku Mozambique, anadza kudzadikirira kuno kwathu. Matenda atayamba tinachezera naye usiku wonse pa chipatala chaching'ono, koma mwana osatsika. Kutacha azamba anaona kuti njira yachepa, natitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anamlowetsa m'chipinda cha opaleshoni, ife n'kutsala pakhonde manja ali m'khosi. Dokotala amene anamlandira anali mlendo wa dziko lina, wolankhula Chichewa chothyokathyoka. Mng'ono wanga anandinong'oneza nati, "Achemwali, kodi ameneyu anaphunzira kuti? Ntchitoyi akuidziwa?" Ine ndinasowa chomuyankha. Mwamwayi mtsikanayo anachira bwino, ndipo khandalo tsopano likukwawa, koma funso lija silinandichoke mumtima.

Inde, mayi amene wagona pa bedi la opaleshoni sangathe kudzuka kuti aone satifiketi ya dokotala. Payenera kukhala ena omufunsira funsolo nthawi isanathe. Tsono ndinayamba kufufuza kwa odziwa, ndipo zimene ndamva ndi izi.

Munthu akatsiriza maphunziro a udokotala, amene amatenga zaka 5 kapena 6, amakhala dokotala wa matenda onse. Kuti akhale katswiri wa uchembere ndi matenda a amayi ayenera kuwonjezera zaka zina, kawirikawiri 4, akugwira ntchito m'chipatala pamaso pa akatswiri. Kumeneko ndiko amaphunzira zothetsa nzeru zija: kuletsa magazi mwa mayi amene akutaya kwambiri atachira, kupulumutsa woyembekezera amene wakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kusoka chiberekero chong'ambika, kuchiza khansa ya khomo la chiberekero, ndi kuthandiza uja wabooka chikhodzodzo pobereka nayamba kudontha mkodzo usana ndi usiku.

Kuno ku Malaŵi sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Koma maphunziro a ukatswiri wa uchembere anayamba mu 2013. Kale lonselo mwana wa kuno wofuna ukatswiri umenewu ankapita kunja, ena ku South Africa, ena ku Ulaya. Pobwera, aliyense ankabwera ndi njira ya kumene anaphunzira, ndipo ena sankabwerako n'komwe. Maiko oyandikana nafe nawonso aliyense anali ndi kaphunzitsidwe kake ndi mayeso ake, kotero kuti satifiketi ya dziko lina sinkanena bwinobwino chimene mwini wake angathe kuchita.

Poona zimenezi, akatswiri a m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa anakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, mu 2017, nakhazikitsa koleji ya onse yotchedwa mwachidule ECSACOG. M'menemo muli maiko monga Malaŵi, Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, Kenya, Uganda, Rwanda ndi Ethiopia. Kolejiyi imagwira ntchito pansi pa bungwe la zaumoyo la maiko a chigawo chino, limene linayamba mu 1974 ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Sanayambe okha njirayi, chifukwa madokotala a opaleshoni anali atatsogola kale ndi koleji yawo ya COSECSA mu 1999.

Mwina mukufunsa kuti kugwirizanitsa maphunziro n'kutani. Inu a m'magulu a zosoka mukudziwa chimene chimachitika tikalandira ntchito ya mayunifolomu a sukulu. Aliyense akadula monga mwa nzeru zake, malaya ena amatuluka opana, ena okhwepa, ndipo mwini ntchito amatibwezera. N'chifukwa chake timayamba tadula patani imodzi, ndipo wina amayendera msoko uliwonse katundu asanachoke. Makina ndi osiyana, manja ndi osiyana, koma muyeso ndi umodzi. Madokotalawa nawonso afuna zomwezo.

Poyamba agwirizana za mndandanda umodzi wa zimene wophunzira ayenera kudziwa ndi kuchita ndi manja ake. Kenaka chipatala chofuna kuphunzitsa chimayamba chayenderedwa, kuti aone ngati chili ndi akatswiri ophunzitsa, odwala okwanira, zida ndi chipinda cha opaleshoni choyenda bwino. Wophunzira amakhala ndi buku lolembamo ntchito iliyonse imene wagwira, mphunzitsi wake n'kumachitira umboni. Potsiriza onse amalemba mayeso amodzi, ndipo owayesa amachokera m'maiko osiyanasiyana, kotero kuti nkhope kapena chibale sizingamkhozetse munthu. Ubwino wina ndi wakuti wophunzirayo sasiya dziko lake. Amaphunzira akuthandiza amayi a kwawo komweko, ndi matenda ndi zida za komweko. Chilolezo chogwirira ntchito chimaperekedwabe ndi dziko lililonse palokha, monga kuno timadziwa Medical Council of Malawi, koma opereka chilolezowo ntchito imawapepukira akadziwa muyeso umene munthuyo anadutsamo.

Nditafotokoza izi ku gulu lathu, mayi wina wachikulire anaimika dzanja nati, "Nanga satifiketi ikamveka m'maiko onsewo, ana athuwo sadzatithawa kutsata malipiro abwino?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindinalipeputse. Khomo likatseguka, ena amalowa, ena amatuluka. Muyeso umodzi paokha sungamange dokotala kuti akhale. Chimene chimamsunga ndi malipiro oyenera, nyumba, magetsi osazimazima, magazi m'nkhokwe ndi mankhwala m'chipatala. Izi ndi za Boma ndi eni zipatala, ndipo ife tili ndi pakamwa powakumbutsa. Komabe kusiya maphunziro ali osiyanasiyana poopa kuti ena angachoke, kuli ngati kukana kufesa chifukwa choopa mbalame.

Tisaiwalenso kuti katswiri salowa m'malo mwa mzamba. Ambiri a ife timachirira m'manja mwa azamba ndi anamwino, ndipo m'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri zoberekera amachita ndi makiliniko ofesala. Koma onsewa amafuna wowaphunzitsa, wowayendera, ndi wina womuimbira zinthu zikafika povuta. Katswiri mmodzi wophunzira bwino amanola manja ambiri. Kafukufuku wa dziko lino wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo, ndipo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 439. Tatsika ndithu, koma aliyense wa amenewo anali ndi dzina, ndipo anasiya ana pa bwalo.

Tsono mbali yathu ndi iti? Tiyambe sikelo msanga, miyezi itatu isanathe. Buku la kuchipatala tisalisiye, makamaka inu a m'malire ku Mchinji, Dedza, Ntcheu, Mwanza, Mulanje ndi Nsanje, amene mumayamba sikelo mbali ina n'kukachirira mbali ina. Azamba akatiuza kuti tikadikirire pafupi ndi chipatala chachikulu, tisazengereze podikira mawu a malume kapena apongozi. Ndipo inu amene muli m'makomiti a zipatala, funsani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: kodi katswiri wa amayi amafika kangati pano? Kodi amene amatichita opaleshoni amawayendera ndani? Safunsa anadya phula.

Potsiriza, ana athu aakazi tiwalimbikitse sukulu. Ndimalakalaka tsiku limene mayi adzalowa m'chipinda cha opaleshoni ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, abale ake n'kukhala pakhonde mitima ili m'malo, podziwa kuti manja amene amlandira anayesedwa ndi muyeso womwewo. Mwina manja amenewo adzakhala a mwana wanu amene lero akutunga madzi pa mjigo.