WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU NDEGE

Msewu wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu umadutsa pafupi ndi Mgona ndi Area 25, koma anthu ambiri okhala kumeneko, pamodzi ndi a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, sanakwerepo ndege chibadwire. Tsono wina angafunse kuti nkhani ya mafakitale a ndege a ku America ikuwakhudza bwanji. Ikuwakhudza ndithu, pakuti kampani ya Malawi Airlines imaulutsa ndege za Boeing 737, ndiponso mantha amene anatseka anthu pakamwa m'mafakitalewo amapezekanso m'maofesi ndi m'masukulu a dziko lino.

Pa 29 Okutobala 2018 ndege ya Boeing 737 MAX inagwa ku Indonesia ndi kupha anthu 189. Mu Malichi 2019 inanso ya mtundu womwewo, ya Ethiopian Airlines, inagwa itangonyamuka ku Addis Ababa, ndipo anthu 157 anafa. Kufufuza kunaonetsa kuti bungwe la boma la America loyang'anira za ndege, la FAA, linali litasiyira antchito a kampani yomweyo mbali yaikulu ya ntchito yoyesa ndegezo. Munthu amene amalandira malipiro kwa bwana sapeza mphamvu msanga zotsutsa katundu wa bwanayo.

Ochenjeza analipo. A John Barnett, amene anagwira ntchito ku Boeing zaka 32, ananena kuti m'ndege zina munkatsala tizidutswa ta zitsulo pafupi ndi mawaya, ndi kuti akuluakulu anayamba kuwazunza chifukwa cholankhula. Iwo anapezeka atafa mu Malichi 2024 mlandu wawo uli m'kati, ndipo akuluakulu a boma kumeneko anagamula kuti anadzipha. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake, pa 5 Januwale 2024, chotsekera khomo cha ndege ya Alaska Airlines chinali chitazuka ndege ili m'mwamba, popeza mabawuti anayi sanabwezeredwe ku fakitale.

Dziko la Malawi nalo lili ndi chisoni chake. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima. Boma linachita bwino poitana akatswiri a ku Germany. Iwowa anapeza kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa, ndi kuti batire la chipangizo cholozera pamene ndege yagwa linatha nthawi yake mu 2004. Batirelo silinagwetse ndege. Komiti yofufuza ya Justice Jabbar Alide inaloza nyengo yoipa ndi zolakwa za anthu. Komabe ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, ndipo nkoyenera kufunsa kuti m'zaka 20 zonsezo wantchito wamng'ono woona vuto lotere anali ndi khomo liti logogodapo mopanda mantha.

Funso limeneli silikuthera pa ndege ayi. Dalaivala wa galimoto la Boma amadziwa tsiku limene mabuleki ayamba kufooka. Mphunzitsi amaona mng'alu wa khoma la kalasi mvula isanafike, ndipo kalaliki wa ku Capital Hill ndiye amalemba kuti chinthu chayesedwa pamene sichinayesedwe. Anthu otere ali ndi ana pa sukulu ndi lendi ya nyumba ku Biwi kapena ku Kawale. Amadziwa kuti wolankhula amatchedwa kazitape, amamanidwa kukwezedwa pa ntchito, kapena amasamutsidwira kutali popanda chifukwa. Chotero amasankha kukhala chete, ndipo nkovuta kuwadzudzula.

Lamulo la Corrupt Practices Act, pa ndime 51A, limateteza munthu woulula za ziphuphu. Zimenezi nzabwino, koma batire lakutha kapena khoma long'aluka si ziphuphu nthawi zonse. Pafunika chitetezo chofanana kwa aliyense wochenjeza za ngozi, kaya ndi msilikali, makaniko, namwino kapena mphunzitsi. Chenjezo lake lilembedwe m'buku, liyankhidwe m'masiku odziwika, ndipo lizifika kwa munthu wina wosiyana ndi bwana amene likumukhudza. Wobwezera choipa kwa wochenjeza ndiye aziyankha mlandu.

Akuluakulu a maofesi ndi aphunzitsi aakulu angayambe zimenezi lamulo latsopano lisanabwere. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Bwana wanzeru, mnyamata wake akamuuza kuti chitsulo chatha, ayenera kumuthokoza, ndi kuimitsa ulendo kufikira chitsulocho chitasinthidwa.