Nyumba za Matayala Zosayenda

Ku America kuli nyumba zopangidwa m'fakitale zimene amazitcha mobile homes, ngati kuti zimayenda. Komatu zikakhazikidwa, kuzisamutsa kumafuna madola zikwi zingapo, ndipo zakale zimatha kuphwasuka panjira. Mwininyumba amalipira lendi ya kamalo pamene nyumbayo yaima. Apa mpamene makampani akuluakulu azachuma, monga Blackstone ndi Carlyle, ananunkhiza phindu.

Makampani otere amagula malo onsewo ndi ngongole, kawirikawiri yotsimikiziridwa ndi Fannie Mae kapena Freddie Mac, mabungwe amene anakhazikitsidwa kuti anthu wamba apeze pokhala. Kenaka amakweza lendi. Lendi ikakwera, malowo amawerengedwa okwera mtengo, ndiye amatenga ngongole yatsopano yokulirapo, kubweza yakale, zotsalazo n'kukagulira malo ena. Wobweza ngongoleyo kwenikweni ndi agogo a penshoni amene alibe kothawira. Eni ake amati ndi luso la bizinesi, pamene ndi kukama ng'ombe yomangidwa miyendo.

Ku New Hampshire, kuyambira 1984, okhalamo akhala akudzigulira malowo monga kopaletivi, lendi n'kumadziikira okha. Ngongole zotsika mtengo za mabungwe aja zipite kwa amenewa.