Ojambula athu akulizemba phiri la Soche

Mukamadutsa pa Victoria Avenue mu Blantyre, imani pang'ono pomwe anyamata amayala zojambula ndi ziboliboli. Muona mlambe dzuwa likulowa, mayi atasenza mtsuko, bwato panyanja, njovu za ku Liwonde. Luso lilipo, sindikutsutsa. Koma anyamatawa sagona ku Liwonde. Madzulo amakwera minibasi ya ku Ndirande, Bangwe kapena Chilobwe, ndipo pa nsalu zawo simupezapo ngakhale denga limodzi la kumene akupitako.

Kwathu ku Chilobwe chilengedwe sitichita kuchiyendera ulendo. Chili pamwamba pa mitu yathu. Phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa pa pepala, koma nyumba zakhala zikulikwera chaka ndi chaka, mitengo ikutsika ngati nkhuni, makala ndi zowotchera njerwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osakata, phirilo linatsika nalo. Matope ndi miyala yaikulu kuposa galimoto zinakokolola nyumba anthu ali momwemo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo mazana ena sanapezeke. Mpaka lero njira zomwe matopewo anadutsa zimaoneka patali, ngati zipsera pankhope.

Ndiye ndimadzifunsa: munthu amene amadzuka n'kuona zipserazi m'mawa uliwonse, akagwira bulashi bwanji dzanja lake limathawira ku mlambe?

Yankho ndikulidziwa, ndipo si lopusa. Wojambula naye amalipira lendi. Mlendo wochokera kunja akufuna chokongola chokapachika pabalaza, sangagule maliro. Mnzanga wina amene amajambula anandiuza mosabisa kuti chithunzi cha matope chingamukhalire chaka chathunthu. Palinso mantha ena amene ndimawalemekeza: kuti kujambula tsoka la anzako n'kugulitsa kuli ngati kudyera pamaliro.

Komabe taonani zimene zikuchitika tikasiya. Zithunzi za Chilobwe zimene dziko linaona zinajambulidwa ndi atolankhani amene anabwera, n'kupita sabata isanathe. Nkhani yomwe inatsala ndi yachidule komanso yankhanza, yoti anthu osamva anadula mitengo n'kumanga pomwe analetsedwa. Munthu wa kuno amadziwa zambiri kuposa pamenepo. Amadziwa kuti puloti ya m'munsi ndi yodula, ndipo ya m'phiri ndi imene wogulitsa mandasi angaikwanitse. Amadziwanso kuti makala sathera ku Chilobwe kokha. Magetsi akathima, mbaula imayaka ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe komwe. Ifenso ophunzira, nyemba zathu timaphikira pa chiyani? Chithunzi chabwino chingathe kuika zonsezi pa nsalu imodzi popanda kuloza munthu chala, zomwe lipoti la boma silingathe.

Ndipo luso lenilenilo silili kunja kwa mlanduwu. Njovu yosemedwa bwino ija inali mtengo wa mpingo. Kabokosi konunkhira kaja kanali mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu. Tikugulitsa chithunzi cha nkhalango podula nkhalango yomweyo.

Zoti nkhani yovuta ya kwathu singagulike, ine sindivomereza kwathunthu. Mu 2022 Samson Kambalu anaimika chiboliboli cha John Chilembwe pa Trafalgar Square ku London. Anachitenga pa chithunzi cha mu 1914 pomwe Chilembwe wavala chipewa pafupi ndi mzungu, John Chorley, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kutero. Si nkhani yosangalatsa kwa Angelezi, koma inaima pakati pa mzinda wawo. Inde, Kambalu si mnyamata wa pa Victoria Avenue, ndipo London si Limbe. Koma sanafike kumeneko pojambula dzuwa likulowa.

Sindikupempha kuti mlambe uthe. Ndikungofuna tsiku lina nditalowa ku La Caverna pa Mandala House, kapena ndikudutsa pakhoma la sukulu ya kwathu, ndione Soche weniweni: mwala umene unaima pomwe panali khitchini ya munthu, chimanga chitamera m'mbali mwake, ndipo chapamwamba pang'ono bambo akuumba njerwa za nyumba yatsopano mvula isanayambe.