Ulendo wa Tsiku Limodzi Uyambire pa Chiromo

Anzathu amene anakhalako ku Zimbabwe, ngakhalenso amene amatumidwa kumeneko pa ntchito za boma, akabwera kuno kumudzi sasowa nkhani ya Great Zimbabwe. Amati munthu amanyamuka m'mawa ku Masvingo, nayenda makilomita pafupifupi 30, nakwera phiri kukaona malinga a miyala, ndipo dzuwa lisanalowe amakhala atabwerera. Nkhaniyo imakoma ndithu. Chotidandaulitsa ndi mawu amene ena amamalizira nawo, akuti makolo athu a kuno kuchigwa sanatisiyire kanthu koonetsa mlendo.

Mzindawo ngwoyenera kuutama. Anaumanga ndi makolo a Ashona kuyambira cha m'ma 1100, ndipo m'zaka za m'ma 1400 unayamba kutha mphamvu. Linga lake lalikulu limafika mamita 11 kutalika pamalo ena, ndipo miyala yake anangoisanja mwaluso popanda dothi lomatira. Koma tisaiwale zimene atsamunda anachita ndi mbiri ya malowo. Kwa zaka zambiri ankakana zoti munthu wakuda angamange chinthu chotere, nanena kuti anamanga ndi alendo ochokera kutali. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba pamalopo natsimikiza kuti omanga anali Aafirika, komabe boma la Ian Smith linapitiriza kubisa choonadicho, mpaka katswiri wina, Peter Garlake, anasiya ntchito ndi kutuluka m'dzikomo mu 1970. Ngati mzinda wa miyala woonekera poyera anatha kuulanda kwa eni ake nthawi yonseyo, nanga mbiri yathu ife, imene ili m'kamwa mwa nkhalamba ndi m'kachisi wa mitengo ndi udzu, idzalimba bwanji tikapanda kuisamala?

N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi aakulu, ogwira ntchito za boma ndi atsogoleri a m'madera kuti akonzere ana a sukulu ulendo wa tsiku limodzi, ndipo uyambire pompano pa Chiromo. Mwana aime pamene Ruo amathira mu Shire, auzidwe kuti pamenepa panali doko la sitima za pamadzi. Auzidwe kuti m'dera lomweli mu 1884 Chipatula, mfumu ya Amakololo, anaphedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick. Kuti mu 1889 asilikali a Serpa Pinto anawoloka Ruo, ndipo mkangano wa Apwitikizi ndi Angerezi utatha mu 1891, mtsinjewu unasanduka malire. Kutinso njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inadzera pano. Ana ambiri amaloweza zimenezi pofuna kukhoza mayeso, osadziwa kuti malowo ndi omwe amachapirapo zovala.

Akatero awolokere tsidya la Bangula ndi kutsata msewu wa ku Nsanje mpaka ku nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Amang'anja akhala akupemphako mvula kwa zaka mazanamazana. Kachisiyo ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu, kamene kakagwa amakamanganso motsata mwambo, ndipo kulimba kwake kwagona pamenepo: amene amakasunga ndi anthu amoyo. Wansembe wa Chikatolika, Matthew Schoffeleers, anatha zaka zambiri akufufuza mbiri ya Mbona, ndipo buku lake la River of Blood linatuluka mu 1992. Mu 2011 Khulubvi analowa pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi UNESCO, ulemu umene Great Zimbabwe anaulandira mu 1986. Akunja akudziwa zonsezi. Mwana wa pa Chiromo sanapondeko.

Alipo makolo amene adzati chipembedzo chawo sichilola mwana kupita kumalo otere. Tikuwalemekeza, koma mwanayo sakukathira nsembe ayi, akukamva mbiri ya dziko lake. Ndiponso ku Khulubvi salowa chilowelowe. Pafunika kupempha chilolezo kwa mafumu ndi osunga malowo nthawi ikadalipo, ndipo akanena kuti ana aime panja pa nkhalango ndi kumvera akulu pomwepo, zikhale momwemo.

Mawu awiri kwa anzathu a m'maofesi. Maulendo otere amafa kawirikawiri chifukwa ndalama zonse zimathera m'maalawansi a akuluakulu operekeza, ana n'kutsala. Mphunzitsi mmodzi pa ana khumi ngwokwana. Ndalama zotsalazo zilipire galimoto, bwato ndi chakudya cha masana.

Tisachedwenso. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 anabalalitsa midzi yambiri ya kuno, ndipo nkhalamba zodziwa mbiri zinasamukira kosiyanasiyana, zina zinatisiya. Miyezi yabwino ndi June ndi July, madzi ataphwera, kutentha kusanayambe. Makalata opempha chilolezo alembedwe teremu yachitatu ikangotsegulidwa, ndipo oyendetsa bwato auzidwiretu kuti ana adzawoloka pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi.