Tisiye Chidani, Koma Mlandu Suwola

M'chaka cha 1993, pomwe ife kuno tinkakonzekera riferendamu ya pa 14 Juni, anthu a ku Cambodia nawonso anaima pamzere m'mwezi wa Meyi kuponya voti pachisankho choyendetsedwa ndi bungwe la United Nations. Nawonso anali ndi abale amene anali atangofika kuchokera kothawira: anthu oposa 360,000 anabwerera kwawo kuchokera m'misasa ya kumalire a Thailand m'zaka za 1992 ndi 1993. Koma chilonda chawo chinali chakuya kuposa chathu. Kuyambira mu Epulo 1975 kufikira Januwale 1979, ulamuliro wa Khmer Rouge wa Pol Pot unapulula anthu pafupifupi 1.7 miliyoni, ena pochita kuphedwa, ena ndi njala, matenda ndi ntchito ya kalavula gaga.

Ndikulemba za dziko lakutalili chifukwa anthu ake anakumana ndi funso lomwe ambiri a inu, amene munagonapo ku Mikuyu kapena ku Dzeleka, kapena munatha zaka ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam osaika maliro a makolo anu, mukulidziwa bwino. Kodi munthu wozunzidwa atani nawo mkwiyo wake? Iwo yankho analifuna m'chiphunzitso cha Chibuda. Musadere nkhawa abale anga, sindikukopa munthu kuti asiye tchalitchi kapena mzikiti wake. Nzeru ya m'mene mtima wa munthu umagwirira ntchito ilibe mpingo.

Buddha, yemwe anakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ankayerekeza kuvutika kwa munthu ndi mivi iwiri. Muvi woyamba ndi chinthu chimene chakuchitikira: anakumenya, anakulanda nyumba, anasowetsa mbale wako. Umenewu sungauzembe ndipo suli mlandu wako. Muvi wachiwiri umalasa pa bala lomwelo, koma umachokera m'kati: kubwereza nkhaniyo m'maganizo usiku uliwonse, kukangana mumtima ndi munthu amene mwina anamwalira kale, kudzifunsa kuti ndinalakwanji. Wokuzunza uja anagwira ntchito yake kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, koma muvi wachiwiriwu umamugwirira ganyu kwa zaka makumi atatu, mwaulere.

Chimene chimandigwira mtima m'chiphunzitsochi nchakuti sichingolamula kuti khululuka, ngati mmene amachitira alaliki ena. Chimapereka zochita. Munthu amaphunzitsidwa kukhala pansi, kuika maganizo pa mpweya umene akupuma, ndipo mkwiyo ukabwera, kuuyang'ana monga mlendo: wayambira pati m'thupi, wabwera ndi maganizo anji, ukhalitsa bwanji. Osauthamangitsa, osaudyetsanso. Pang'ono ndi pang'ono munthu amaona kuti mkwiyo umakwera nkutsika, ndiponso kuti iye si mkwiyowo. Palinso chizolowezi chotchedwa metta, chofunira anthu zabwino mumtima, ndipo dongosolo lake ndi lanzeru. Umayamba ndi iwe mwini, kenaka bwenzi, kenaka munthu amene ulibe naye kanthu, ndipo mdani amabwera kumapeto kwenikweni, mtima utakhwima. Ife timafuna kuyambira kumapetoko, kuuza mayi wamasiye kuti agwirane chanza ndi wakupha mwamuna wake pamaso pa atolankhani.

Madokotala a kwa azungu anaitola nzeruyi. Mu 1979 a Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ku America, atachotsamo zachipembedzo, ndipo mu 2004 bungwe lolangiza za chithandizo cha odwala ku Britain linavomereza njira yochokera pamenepa kwa anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwerera kawirikawiri.

Tibwerere ku Cambodia. A Khmer Rouge anathetsa chipembedzo, anavula amonke mikanjo, ambiri nkuwapha, akachisi ena nkuwasandutsa ndende ndi nkhokwe. Mmonke wina, Maha Ghosananda, anapulumuka chifukwa anali ku Thailand, koma abale ake anathera komweko. Othawa atayamba kukhamukira kumalire, iye anapita m'misasa namanga tiakachisi ta nsungwi, kumene ankaphunzitsa anthu osweka mitimawo kuti chidani sichithetsa chidani. Mu 1992 anatsogolera ulendo wapansi wa mtendere wotchedwa Dhammayietra, kuchokera kumalire a Thailand mpaka ku Phnom Penh, kudutsa m'madera odzaza mabomba okwirira pansi. Anthu a m'midzi ankadikira m'mbali mwa msewu ndi zidebe za madzi kuti amonke awadalitse, ndipo othawa ena amene anali paulendowu anapezana ndi abale omwe ankayesa kuti anafa. Ulendo wa 1993 unachitika chisankho chili pafupi, a Khmer Rouge akuopseza aliyense wofuna kuvota. Pa ulendo wa 1994 mmonke mmodzi ndi mayi wina wodzipereka ku chipembedzo anaphedwa pa kuomberana. Amene amati kusiya chidani ndi mantha afotokoze kuti anthu amantha akanayenda bwanji msewu umenewo.

Tsono apa mpamene ndikufuna tichenjere, chifukwa mankhwala abwino akagwera m'manja mwa andale amasanduka chiphe. Mu Disembala 1998 akuluakulu awiri a Khmer Rouge, Nuon Chea ndi Khieu Samphan, atadzipereka ku boma, nduna yaikulu Hun Sen anati nkofunika kukumba dzenje nkukwirira zakale. Kodi mawu amenewa ndi achilendo kwa ife? Si omwe aja akuti madzi akatayika sawoleka, tiyang'ane kutsogolo? Enanso amapotoza chiphunzitso cha karma nkumauza wozunzidwa kuti akukolola zimene anafesa m'moyo wina wakale, ngati kuti womenya ndi chikoti anali mtumiki chabe. Ndipo ku Myanmar taona mmonke Wirathu akulalikira chidani pa Asilamu atavala mkanjo womwewo. Chibuda, monga zipembedzo zathu, chili ndi ake ochichititsa manyazi.

Koma chiphunzitso cha mivi iwiri sichinena kuti muvi woyamba kulibe, kapena kuti anauponya asafunsidwe. Chimanena za ntchito imene munthu amagwira mumtima mwake kuti apeze tulo. Ntchito ya khoti ndi ina, ndipo mlandu suwola. Ngakhale Pol Pot anafa mu 1998 asanaimepo pa bwalo loona la milandu, khoti lapadera lothandizidwa ndi United Nations linapeza Duch, mkulu wa ndende ya Tuol Sleng, wolakwa mu 2010, ndipo mu 2014 linagamula Nuon Chea ndi Khieu Samphan kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Anthu atatu okha pa imfa zonse zija nzochepa zomvetsa chisoni, komabe dzenje la a Hun Sen silinakwiririke.

Chimene ndimasirira kwambiri ndi ntchito ya bungwe la uphungu la TPO Cambodia. Dokotala wa bungweli, a Chhim Sotheara, anamvetsera mmene opulumuka amatchulira vuto lawo m'chinenero chawo: baksbat, kutanthauza kuthyoka kwa kulimba mtima. Munthu wotere amangogonjera, sakhulupirira mnzake, amakhala ngati sanaone ndipo sanamve. Amene munakhala m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu unkayang'ana kumbuyo usanatchule dzina la mtsogoleri, ndiuzeni ngati matendawa simukuwadziwa. Aphungu a bungweli amakhala ndi wopulumuka kwa masiku angapo, iye nkumasimba zonse, iwo nkumalemba. Kenaka umboniwo umawerengedwa mokweza pa mwambo wa Chibuda, pamaso pa amonke ndi anthu ena, akufa nkupemphereredwa, ndipo chikalatacho chimaperekedwa kwa mwini wake. Mtima wapepuka, koma mayina, malo ndi masiku zalembedwa.

Ife tinachita chiyani? Mlandu wa nduna zitatu ndi phungu mmodzi ophedwa ku Mwanza mu 1983 unatha mu Disembala 1995 popanda wopezeka wolakwa. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa National Compensation Tribunal yopereka chipukuta misozi, yokhala zaka khumi zokha, ndipo inatsekedwa anthu ambiri asanalandire zawo, mpaka ofesi ya Ombudsman inachita kufufuza nkhaniyi mu 2017. Munthu ankapatsidwa fomu ndi nambala ya failo. Womufunsa kuti usiku amagona bwanji panalibe.

Ndalamazo boma lipereke, ndi ngongole. Koma kukhala pansi ndi mkulu amene anamangidwa popanda mlandu, kulemba nkhani yake m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, nkuiwerenga pamaso pa mpingo kapena mudzi wake iye ali pomwepo, sikudikira bajeti ya ku Nyumba ya Malamulo. Mipingo yathu ili ndi abusa, ansembe ndi mashehe ophunzira zauphungu. Amene anatsekeredwa ali anyamata m'zaka za m'ma 1970 lero ndi agogo, ndipo ambiri tawaika kale m'manda nkhani zawo zisanalembedwe.