Mtsinje sugulitsidwa

M'mudzi mwathu munafika mlendo mwezi watha. Anabwera pa njinga yamoto, atavala nsapato zowala. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, natulutsa kabotolo. M'kabotolomo munali fumbi lacikasu. Anati ndi golide wa mumtsinje wathu womwe uno. Anati iye ali ndi malo m'mbali mwa mtsinje, ndipo aliyense wopereka ndalama adzakhala mwini wa gawo la malowo. Mvula isanagwe, ndalamazo zidzabereka kasanu.

Pofika lero, mabanja awiri agulitsa kale ng'ombe. Lina latsegula nkhokwe. Ife tikuti: imani kaye!

Munthuyu akugulitsa ciani? Malamulo aakulu a dziko la Moçambique amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa ndipo siikidwa cikole. Lamulo la nthaka la 1997 limanenanso zomwezo. Cuma ca pansi pa nthaka nconso ndi ca boma. Wofuna kukumba amayenera kukhala ndi cilolezo, monga likunenera lamulo la migodi la 20 la 2014. Kwa anthu wamba okumba ndi manja, cilolezoco cimachedwa senha mineira, ndipo cimagwira nchito pa malo okhawo amene boma linawapatula. Tinamufunsa mlendoyo kuti pepala lake lili kuti. Anati lili ku tauni. Kabotolo anakakumbukira, pepala analiiwala.

Tsono tiyeni tione m'mene golide amakhalira mumtsinje, pakuti bodza lonse lagona pamenepa.

Golide amayambira m'miyala ya m'mapiri, kawirikawiri m'miyala yoyera ija. Dzuwa ndi mvula zimaphwanya miyalayo kwa zaka zambirimbiri. Madzi amakokolola zidutswa kupita nazo kumtsinje. Golide ndi wolemera kwambiri. Amalemera kuposa madzi ka 19, ndipo kuposa mcenga pafupifupi ka 7. Cifukwa cace sayenda kutali ngati mcenga. Amamira pamene madzi afooka: pokhota mtsinje, kuseri kwa mwala waukulu, m'ming'alu ya thanthwe la pansi. Apa mupeza pang'ono. Mukasuntha mapazi khumi, mupeza mcenga wokhawokha. Palibe munthu angayang'ane madzi ndi maso n'kudziwa zimene zili pansi. Odziwa nchitoyi amakumba maenje ambiri oyesera, amayeza dothi la dzenje lililonse, amalemba, kenaka ndi pamene amaika ndalama. Mlendo wathu anasukuluza mbale imodzi, pa malo amene anasankha yekha. Cinyengo cimeneci n'cakale m'maiko onse a migodi: wogulitsa amawaza fumbi la golide usiku, m'mawa n'kulitola pamaso pa ogula. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tinene kuti golideyo alipodi. Kodi phindu likafika kwa inu? Pafunika makina opopa madzi. Makinawo amamwa mafuta tsiku ndi tsiku. Anyamata okumba amadya, ndiponso amatenga gawo lao. Mvula ikagwa, maenje amadzaza madzi, ena amagumukira anthu. Golide akapezeka, sikelo ili m'manja mwa wogula, buku lili m'manja mwa mlendoyo. Mayi amene wagulitsa ng'ombe adzadziwa bwanji kuti sabata ino apeza magalamu angati? Adzauzidwa kuti mafuta adula, adikire mwezi wamawa.

Ena akutitsutsa. Akuti, "Aphunzitsi, inu muli ndi nsanje. Ku Lupilichi, ku Niassa, anthu akukumba golide. Ena agula njinga zamoto, ena akhoma malata." Zoona, sitikana. Amene anapeza timawaona, pakuti njinga imalira pamseu. Amene anataya mbeu ndi ziweto amakhala cete m'nyumba cifukwa ca manyazi. Ndipo ife sitinyoza munthu wopita kumtsinje m'cilimwe ndi mbale yace, atakolola kale. Umphawi timaudziwa tonse. Iye akalephera, wataya thukuta la masiku ocepa. Amene tikulimbana naye ndi uyu wofuna kukumba m'nkhokwe zathu.

Nkhani iyi siyacilendo m'dziko la makolo athu. M'zaka za m'ma 1700, Apwitikizi a ku Tete anatsegula migodi ya golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la mfumu Undi, monga ku Mano. Okumba anali akapolo, ambiri mwa iwo akazi. Golideyo anatsika ndi Zambezi, nawoloka nyanja kunka ku India. Malo akatha golide, eni akapolo ankasamukira kwina. Ufumu wa Undi sunalemere nao golideyo. Unafooka.

Palinso madzi. Okumba ambiri amagwiritsa nchito merkuriyo kuti agwire fumbi la golide, kenaka amaiocha pamoto. Utsi wace umaononga ubongo ndi mitsempha. Yotsala imalowa mumtsinje, imalowa mu nsomba, nsomba n'kulowa mwa ife. Mwana amene ali m'mimba ndiye amapwetekeka koposa. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda a merkuriyo anadziwika mu 1956, anthu atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Kuno kwathu, mu 2025, boma linaimitsa nchito za migodi m'cigawo ca Manica cifukwa mitsinje, monga Revue, inali itaipa ndi zokumbakumba. Amene anaika ndalama zao m'maenje a kumeneko anaona makina ataima. Mtsinje wathu ndi umene timamwa, timacapamo, timathirira nao madimba. Wogula gawo la dzenje akulipira kuti mwana wace amwe matope.

Mlendoyo wati abweranso Loweruka kudzatenga ndalama zotsala. Ife a kalasi ya madzulo tapangana ndi a mfumu. Tidzakhala pansi pa mango pomwe paja, ndi makope athu. Tidzamupempha pepala la cilolezo. Amayi amene anayamba kuwerenga caka catha ndiwo adzaliwerenga mokweza: dzina la mwini, dzina la malo, tsiku lothera. Nambala yace tidzailemba, ndipo Lolemba awiri a ife adzapita nayo ku ofesi ya boma ya distrito kukafunsa. Mpaka iwo atabwerako, nkhokwe zikhale zotseka.