Kalata yotseguka: manambala a kafukufuku wathu asafere m'malaputopu

Kwa Mkulu wa bungwe la National Commission for Science and Technology,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndakulemberani poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Ikukhudza aphunzitsi a masamu, mainjiniya ndi ophunzira a m'mayunivesite athu, amene amatha miyezi akutolera manambala ndi kuwawerengetsa pa kompyuta. Digiri ikatuluka, buku la kafukufuku limakaikidwa mu laibulale, koma manambala enieniwo amatsalira mu laputopu ya mwiniwake. Laputopuyo ikafa kapena kubedwa, ntchito yonse yathera pomwepo. Pempho langa ndi lakuti bungwe lanu liike lamulo ndi malo osungira mafailo amenewa.

Injiniya akafuna kudziwa mmene magetsi akuyendera m'mawaya a dziko lonse, kapena ngati mlatho ungapirire kulemera kwa malole, funso lakelo limasanduka tebulo lalikulu la manambala lotchedwa matrix. Kawirikawiri timabokosi tambiri ta tebuloli timakhala ndi ziro, pakuti siteshoni imodzi yamagetsi imalumikizana ndi zinzake zochepa chabe. Pali failo ina yodziwika kwa akatswiri, dzina lake 1138_bus, yochokera ku mawaya amagetsi. Ili ndi mizere 1,138 yopingasa ndi 1,138 yotsika, kutanthauza timabokosi toposa 1.29 miliyoni, koma manambala osakhala ziro alipo 4,054 okha. Ndiponso poti theka lina la tebuloli limangobwereza linzake, failoyo imasunga manambala 2,596 basi. Mungathe kuitumiza pa imelo popanda kudandaula za bandulo.

Failo imeneyi ndi yakale, komabe lero wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu angathe kuitsegula. Chifukwa chake nchakuti panapezeka anthu amene anaona kuti kusunga ndi ntchito yofunika. Mu 1989, Iain Duff wa ku Harwell ku England, pamodzi ndi Roger Grimes ndi John Lewis a ku kampani ya Boeing ku America, anafalitsa nkhokwe ya matebulo otere yotchedwa Harwell-Boeing. Munali matebulo a nyumba, a magetsi ndi a ntchito zina zaumisiri, olembedwa m'mizere ya zilembo 80 kuti chilankhulo cha kompyuta cha Fortran chiziwawerenga. Mu 1996 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalongosola kalembedwe kosavuta kotchedwa Matrix Market.

Bwana, mutatsegula failo ya Matrix Market mu Notepad mungaimvetse nokha. Mzere woyamba umayamba ndi mawu akuti %%MatrixMarket ndipo umanena mtundu wa tebulolo. Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha % ndi ya ndemanga, pomwe mwini amalemba kumene manambalawo achokera. Kenako pamabwera manambala atatu: kuchuluka kwa mizere yopingasa, kwa mizere yotsika, ndi kwa manambala osungidwa. Mzere uliwonse wotsatira umangonena kabokosi ndi nambala yomwe ili m'menemo. Palibe laisensi yogula. Mapulogalamu aulere monga Python, R ndi Julia amaiwerenga mosavuta.

Phindu lake likuoneka pa nkhokwe ya SuiteSparse, yomwe Tim Davis anaiyambitsa ali ku University of Florida asanasamukire ku Texas A&M. Muli matebulo oposa 2,800, ambiri mwa iwo ochokera ku ntchito zenizeni. Munthu akati wapeza njira yowerengetsera mwachangu, anzake samangomukhulupirira. Amatenga matebulo omwewo, kuyesa njira yakeyo, ndi kuona ngati akunena zoona. Kwathu kuno woyesa mayeso a digiri amaona zithunzi zokongola m'buku, koma kawirikawiri alibe njira yobwerezera mawerengedwewo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Cholakwika chobisika m'manambala chingathe kukalowa mu pulani ya mlatho kapena ya mapaipi amadzi.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, kafukufuku aliyense wodalira mawerengedwe a pa kompyuta amene walandira ndalama kapena chilolezo kudzera ku bungwe lanu azipereka mafailo ake m'kalembedwe kotseguka. Matebulo akhale mu Matrix Market. Manambala ochuluka kwambiri, monga a zanyengo, akhale mu NetCDF kapena HDF5. Failo iliyonse izinena gwero lake, chaka, ndi miyezo yomwe yagwiritsidwa ntchito, pakuti nambala yosadziwika ngati ili m'mamita kapena m'mamilimita ndi yoopsa kuposa kusowa kwake.

Chachiwiri, pakhale nkhokwe imodzi ya dziko, ndipo pakhale munthu wolembedwa ntchito yoisamala. Mtengo waukulu suli pa makina ayi, uli pa munthu woona kuti failo iliyonse ikutseguka ndipo yalongosoledwa.

Chachitatu, mukambirane ndi MAREN, netiweki ya mayunivesite athu, kuti isunge kope la matebulo a SuiteSparse kuno kumudzi. Wophunzira asamachite kugula bandulo ndi ndalama ya chakudya kuti apeze zida zophunzirira.

Chachinayi, mupemphe ESCOM ndi mabungwe ogawa madzi kuti apereke matebulo a mawaya ndi mapaipi awo kwa ofufuza. Ena adzati izi ndi zinsinsi, ndipo nkhawa yawo njomveka. Koma tebulo lingathe kuperekedwa litachotsedwa maina a malo, n'kutsala manambala okha. Zokhudza odwala kapena anthu wamba zikhale kunja kwa nkhokweyi, zitetezedwe monga malamulo akunenera. Ana athu akamaphunzirira pa mawaya a kunja okha, adzachedwa kudziwa makhalidwe a magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Zonsezi sizifuna nyumba yatsopano kapena ngongole yakunja. Zikufuna chisankho cha ofesi yanu. Ndikukupemphani kuti muiike nkhaniyi pa ndandanda wa msonkhano wanu wotsatira ndi akuluakulu a mayunivesite, ndipo muyambe ndi ophunzira amene akumaliza kafukufuku wawo chaka chino, mafailo awo adakalipo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu